Ponda Tsidya Lino, Gunda Tsidya Ilo

"Tsitsani nyimbozo, anthu inu, mwana akugona!"

Dailesi anakuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, koma ndani akanamumva? Kumbuyo kwake sipika ya mchimwene wake, Gerishon, inali itakwezedwa mpaka kumapeto. Tsidya lina la msewu sipika ya mwamuna wake, Jeffrey, inali kubwezera. Uyu akakweza pang'ono, uyo ankakweza kawiri. Manachesi amene Dailesi ankagulitsa ankachita kunjenjemera m'beseni, ndipo Chikondi, mwana wake wa zaka zitatu, anadzuka pansi pa tebulo n'kuyamba kulira.

Linali Lachitatu masana, dzuwa la pa Zalewa likuswa mtengo. Minibasi ya ku Mwanza inaima, kondakitala n'kutulutsa mutu pawindo.

"Mayi, lero akuwina ndani, achimwene kapena abambo akunyumba?"

"Gulani manachesi muzipita," anayankha Dailesi.

Nkhondoyi sinayambe dzulo ayi. Woyamba kubweretsa magemu a nyimbo pa Zalewa anali Gerishon. Pochokera ku Joni anabwera ndi makina akale, sikirini yaikulu, ndi chiphasa cha pulasitiki chokhala ndi mivi inayi: wina woloza kutsogolo, wina kumbuyo, iwiri m'mbali. Nyimbo ikamalira mivi inkakwera pasikirini, ndipo wosewera ankayenera kuponda muvi wofanana nawo pachiphasapo, pa nthawi yake yeniyeni. Ukachedwa pang'ono, walephera. Dzina la gemuyo linali lachizungu lopinda lilime, choncho anthu anangoitcha Ponda. Ha, koma ndiye inagwedeza Zalewa! Akabaza ankasiya njinga zawo padzuwa, ootcha kanyenya ankapsereza nyama, aliyense akufuna kukaponda.

Nthawi imeneyo Jeffrey anali wometa tsitsi. Atakwatira Dailesi anabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo wa kuno, n'kumanga kanyumba kumbuyo kwa nyumba ya Gerishon. Tsiku ndi tsiku ankaona chigulu cha anthu pakhomo la shopu ya mlamu wake, mpaka anasirira. Anagulitsa makina ometera, anapita ku Limbe, n'kubwerako ndi gemu ina, ya ng'oma ziwiri za pulasitiki ndi timitengo tomenyera. Iyi, timipira tikamadutsa pasikirini, munthu ankamenya ng'oma motsatira nyimbo. Anthu anaitcha Gunda. Ndiye taonani, malo onse amene ali pa Zalewa, mwamunayo n'kusankha shopu yoyang'anizana ndi ya mlamu wake! Munthu angatero, inu?

Gerishon anayankha ndi Ponda 2, ya ziphasa ziwiri, yoti anthu azipikisana awiriawiri. Sabata isanathe Jeffrey anabweretsa Gunda 2, ya nyimbo zochuluka. Achinyamata anagawikana pawiri. A Ponda ankati Gunda ndi ya aulesi osewera atakhala pansi. A Gunda ankati Ponda ndi ya anthu onunkha mapazi. Zinafika poti ngakhale kukwaya ya kutchalitchi anthu ankakhala motsatira gemu.

Tsoka la Dailesi linali miyendo yake. Akanakhala wosadziwa kuvina, bwenzi akugulitsa manachesi ake mwamtendere. Koma mkazi ameneyu akaima pachiphasa, abale, anthu ankasiya kutafuna. Ponda inkasunga mndandanda wa akatswiri, ndipo pamwamba penipeni panali zilembo zitatu: DAI. Pa Ponda yoyamba anazilemba ali mtsikana. Pa Ponda 2 anangosewera kamodzi kokha, tsiku limene Jeffrey anapita kumaliro, koma chaka chinatha popanda womutsitsa. Jeffrey atamva, m'nyumba munatha sabata yathunthu osayankhulana. Kuyambira pamenepo Dailesi sanapondenso chiphasa. Komabe nyimbo za Ponda zikamalira, mapazi ake ankagunda okha pansi pa tebulo la manachesi, iye osadziwa.

Akutonthoza mwana, Gerishon anatulukira, thaulo lili paphewa. Anatola nachesi limodzi osapempha n'kuyamba kusenda.

"Iwe Dailesi, Ponda 3 yafika. Nyimbo zatsopano, mivi yothamanga ngati yapenga. Tikuitsegulira Loweruka."

"Zabwino zonse, achimwene."

"Usandiyankhe ngati mlendo. Gemu yatsopano imabwera yopanda mayina, mndandanda uli mbee. Dzina loyamba kulowamo likhala lako, anthu onse akuona. Ndalengeza kale."

"Mwalengeza osandifunsa?"

"Ndikufunse? Amayi atatisiya, ndinakufunsa kuti ndikulere kapena ayi?"

Zinali zoona. Gerishon anasiyira sukulu panjira n'kumakasenza matumba a makala kuti mlongo wake asagone ndi njala. Nkhani imeneyi ankaitulutsa kawirikawiri, koma inali yoona ndithu, ndipo nthawi zonse inkamutseka pakamwa.

Jeffrey anali akuonera zonsezi ali pakhomo la shopu yake. Anadikira thiraki idutse, n'kuwoloka msewu.

"Alamu, mwaswera? Ndikuona mukudya manachesi a m'nyumba mwanga."

"A m'nyumba mwanu imene ili pamalo panga, alamu."

"Chabwino. Ndimati mumve kwa ine mwini, musamve kwa anthu. Loweruka lomwelo ndikutsegulira Gunda 3. Woyamba kugwira timitengo ndi mkazi wanga."

Gerishon anaseka chikhakhali mpaka njere ya nachesi kumutsamwa.

"Dailesi pa ng'oma? Manja ake ajawa? Akamamenya zimamveka ngati akuwaza nkhuni! Musachititse manyazi gemu yanu ya ana a mkakayo."

Apanso zinali zoona. Luso lonse la Dailesi linathera kumiyendo, manja analibe nalo gawo. Amuna awiriwo anamutembenukira, aliyense akudikira kuti anene mbali imene ali. Iye anawerama, n'kuyamba kupukuta mamina a mwana amene anali atawapukuta kale.

Madzulo ake, dzuwa litapendeka, Jeffrey anakhala pakhonde akuyang'ana khoma la nyumba ya mlamu wake. Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinamuopsa Dailesi.

"Dailesi, ukudziwa dzina limene anyamata amanditchula pamsewupo? Mwamuna wa DAI. Ine dzina ndilibe. Nyumba ndamanga pamalo a eni. Mbuzi zikalowa m'dimba, wothamangitsa ndi mkamwini. Chinthu changachanga pa Zalewa pano ndi shopu ija basi. Ndiye mkazi wanga yemwe akakokere anthu ku shopu ya eni?"

"Ndi mchimwene wanga, bambo a Chikondi."

"Nanga ine ndine ndani wako?"

"Musatero."

"Ukakamuwinitsa Loweruka, ine pano ndachoka. Sindikukuopseza, ndikungokuuza."

Dailesi anagwira njakata. Mkazi zikamuvuta m'banja amathamangira kwa nkhoswe yake, wachibale amene anaimira ukwati wake, kuti akamuyankhulire. Nanga iye akanathamangira kwa yani? Amayi ake anamwalira, amalume ake anamwalira. Tsiku la chinkhoswe, amene anaimirira mbali ya kuchikazi atavala suti yobwereka anali Gerishon yemweyo. Munthu woti akazimitse moto ndi amene anali ndi machesi m'thumba. Atasowa mtengo wogwira, Dailesi anaimbira foni a Lameki, amalume a Jeffrey, nkhoswe ya kuchimuna, amene ankakhala ku Chifunga.

A Lameki anafika Lachisanu m'mawa pa kabaza, atavala jekete ngakhale kunali kotentha choncho. Anakhala pansi pa mtengo wa nimu pakati pa nyumba ziwirizo, amuna pamipando, Dailesi pamphasa chapatali pang'ono.

"Tiyeni tiyambe," anatero a Lameki. "A nkhoswe a kuchikazi, mwana wanu wadandaula. Inu mukuti bwanji?"

Gerishon anakonza kolala.

"Ine monga nkhoswe ndamva dandaulo la mlongo wanga, ndaliunika bwinobwino, ndipo ndapeza kuti wolakwa ndi mkamwini."

"Aa, mwapeza liti? Sitinayambe n'komwe kukamba!"

"Amalume, musavutike naye," analowerera Jeffrey. "Zonsezi akuchita chifukwa akudziwa kuti Ponda 3 yakeyo ndi yakale yomwe ija, angosintha mitundu. Popanda mkazi wanga palibe angaiyang'ane."

"Bodza! Mwaiona inu? Muli mivi ina yoti uponde n'kukhalitsapo phazi. Gunda yanu ili ndi chiyani chatsopano?"

"Gunda 3 anthu anayi amasewera nthawi imodzi."

"Aulesi anayi m'malo mwa awiri!"

A Lameki ankangotembenuza mutu, uku ndi uku, kukamwa kuli yasa. Mawu ngati amenewa sanawamvepo pa mlandu wa banja chibadwire. Anagogoda mpando ndi chikhatho.

"Ine ndasiya nandolo kumunda, ndimayesa ndabwerera ukwati. Imvani tsono. Mwanayu asasewere kulikonse, nkhani ithe."

"Ndalengeza kale," anatero Gerishon.

"Nanenso ndalengeza," anatero Jeffrey.

"Basi asewere konsekonse."

"Ayambire kwanga."

"Akayambira kwanu anthu sadzawolokanso. Ayambire kwanga."

Mkuluyo anavula chipewa, anakanda mutu, n'kuvalanso.

"Nanga mwana wangayu atatenga mkazi wake n'kupita naye ku Chifunga, akakhale wachitengwa, muzionana pa Khirisimasi pokha?"

Apa Gerishon anaimirira, nthabwala zonse zitamuthera.

"A Lameki, inu ndinu wamkulu, mwambo mukuudziwa. Mwamuna satenga mkazi ndi ana kupita nawo kwawo popanda chilolezo cha mwini mbumba. Mwini mbumba pano ndine. Sindinavomere, ndipo sindidzavomera."

Mlandu unathera pomwepo. Palibe anamufunsa Dailesi maganizo ake, ndipo mwina zinali bwino choncho, chifukwa choonadi chake chinali chochititsa manyazi. Dzulo lake Gerishon ankayesa Ponda 3 chitseko chili chotseka, ndipo nyimbo ina inatuluka pawindo n'kumulowa m'mafupa. Ankaifuna nyimbo imeneyo. Ankafuna ukwati wake, ankafuna mtendere ndi mchimwene wake, koma nyimbo ijanso ankaifuna, ndipo zinkamupweteka kuti sakanauza munthu.

Dailesi akuwaperekeza kumsewu, a Lameki anachedwetsa mapazi n'kumunong'oneza.

"Mwana wanga, amuna awiriwa mitu yawo sikugwira. Ndikutsine khutu. Pita kwa mchimwene wako, ukaime pachiphasapo, koma ukalephere dala. Iye sadzanena kuti unamukana. Anthu akakhumudwa awolokera kwa mwamuna wako. Ukatero dzina lako latha ntchito, onse awiri akusiya."

"Ndikalephere pamaso pa anthu onse aja?"

"Manyaziwo ndi a tsiku limodzi. Ukufuna mwana akule bambo wake ali kwina?"

Dailesi atamuuza Jeffrey nzeru imeneyi, mwamunayo anamwetulira koyamba sabata imeneyo.

"Amalume ndi dolo, eti! Koma ukalephere zenizeni, osati pang'ono."

"Ndikalephera."

"Ulonjeze."

"Ndalonjeza, bambo a Chikondi."

Loweruka masana pa Zalewa panalibe poponda. Gerishon anatulutsa sikirini ndi chiphasa pakhonde, anabwereka maiki kutchalitchi, n'kupachika mabaluni pakhomo. Tsidya linalo Jeffrey anayala ng'oma zake zatsopano, anyamata anayi atakhala kale pamipando akumenya. Iye mwini anaima pakhomo atapinda manja, akuyang'ana tsidya lino ngati munthu wodziwa mathero a nkhani.

Dailesi anasiya Chikondi kwa mkazi wa Gerishon. Anamanga chitenje molimba, anavula masilipasi, n'kuima pakati pa mivi inayi ija. Pulasitiki inali yofunda kumapazi. Anthu anaimba mluzu.

"Nayu mwini wake wa gemu!" anakuwa Gerishon pa maiki. "DAI wafika! A Gunda, bwerani mudzaphunzire!"

Nyimbo inayamba. Mayo, inali yomwe ija ya pawindo!

Muvi woyamba unakwera. Dailesi anaudikira udutse, kenako anaponda. Sikirini inathwanima mofiira. Wachiwiri anaponda kumanzere m'malo mwa kumanja. Wachitatu anausiya dala. Musaganize kuti kulephera dala n'kophweka. Miyendo inkadziwa kopita, iye n'kumaikoka ngati mbuzi yaona msipu. Thukuta linatsika msana wonse nyimbo isanafike n'komwe pakati.

Poyamba anthu anangoyang'anana. Kenako wina anaseka kumbuyo, ena n'kulandira.

"Watha ameneyu!"

"Ukwati wamumaliza miyendo!"

Gerishon anatuluka thukuta, maso ali psuu. Koma munthu ameneyu pakamwa sankasowa chonena. Anakweza maiki.

"Musaseke mlongo wanga, anthuni! Sekani amene akumusunga! Ine ndinamupereka ali ndi miyendo yake yonse, onani zimene mkamwini wandibwezera! Kaya amamudyetsa chiyani kuseri kuja!"

Khamu lonse linatembenukira tsidya lija, likuloza Jeffrey n'kumafa nacho chiseko. Palibe ndi mmodzi yemwe anawoloka. Awoloke bwanji, zokoma zili kuno? Izi a Lameki sanaziganizire. Dailesi anaona mwamuna wake akutsitsa manja, kumwetulira kuja kutazimiririka. Kuwina kukanamuchititsa manyazi Jeffrey, kulephera nakonso kunali kumuchititsa manyazi.

Ndiye pafupi ndi chiphasa mtsikana wina wa kusekondale anauza mnzake mokweza, osabisa:

"DAI wake ndi ameneyu? Ndiye kuti mayina aja ankangomulembera achimwene ake. Sanawinepo uyu."

Mawu amenewo anamulasa pamtima. Chilichonse chimene anali nacho chinali cha wina: malo a mchimwene wake, dzina la mwamuna wake, ngakhale tebulo la manachesi linali lobwereka. Koma zilembo zitatu zija anazipeza yekha ndi mapazi ake. Phazi lamanzere linagwa pa muvi pa nthawi yake, iye asanaganize. Lamanja linatsatira. Kufiira kuja kunachoka pasikirini. Anamaliza nyimboyo osaphonyanso, koma mapointi anali ochepa chifukwa cha chiyambi chija.

"Mwayi chabe!" anakuwa wina wa Gunda ali tsidya lija.

Apa ndiye panali pothawira. Akanatha kuvala masilipasi ake n'kutsika, lonjezo lake likanakhala lophwanyika pang'ono chabe. Anayang'ana tsidya lija, anayang'ana sikirini.

"Achimwene," anatero, "ibwezereni nyimboyo."

Zimene zinachitika pamenepo anthu a pa Zalewa amazikambabe. Mivi inkabwera iwiriiwiri, ina mothamanga, ina yofuna kukhalitsa phazi, ndipo Dailesi anaiponda yonse. Pena ankatembenuka kupereka msana ku sikirini, mapazi akupeza okha malo awo. Amayi a tomato anaimba nthungululu. Anyamata anayi aja anataya timitengo pa ng'oma za Jeffrey n'kuwoloka msewu mothamanga, thiraki ikuwaimbira hutala. Ndinene zoona, Dailesi anasangalala. Kwa mphindi zitatu zimenezo sanali mlongo wa munthu kapena mkazi wa munthu, ndipo anaseka mokweza ali pachiphasapo, chinthu chimene anali atachiiwala.

Nyimbo itatha, Gerishon analemba zilembo zija mwachimwemwe. Anthu ankamukumbatira Dailesi, ena kumukweza m'mwamba. Atamutsitsa ndi pamene anayang'ana tsidya lija. Ng'oma zinali zitalowetsedwa, chitseko cha shopu chili chotseka, dzuwa likadali pamutu.

Tsiku limenelo Jeffrey sanabwere kunyumba. Anatulukira Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, ali ndi pikiapu ya mnzake. Kumbuyo kwake kunali kale sikirini, ng'oma ndi sipika, zomangidwa ndi zingwe za mphira. Analowa m'nyumba, anatenga chikwama cha zovala, n'kutuluka. Dailesi anamutsatira mpaka pagalimoto.

"Bambo a Chikondi, ndinayesetsa. Munaona nokha kuti ndinayesetsa."

"Koyamba kaja ndinaona. Nanga kachiwiri kaja anakukakamiza ndani?"

Jeffrey anaponya chikwama m'galimoto. Maso ake anali ofiira, osati ndi mowa.

"Sindikukusiya iwe. Ndikusiya malo ano. Ngati ukundifuna, tenga mwana ukwere, tizipita ku Chifunga."

Dailesi anagwira m'mbali mwa pikiapuyo n'kutembenuka kuti aitane mwana. Gerishon anali ataima pansi pa mtengo wa nimu. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, atamubereka kale Chikondi kumsana, nsalu atamanga mfundo ziwiri.

"Dailesi ndi wamkulu," anatero Gerishon modekha. "Miyendo ali nayo, tonse tinaiona dzulo. Akafuna akwere. Koma Chikondi ndi mbumba ya pano. Sakwera galimoto imeneyo."

"Achimwene, chonde!"

"Ndanena."

Dalaivala analiza injini. Jeffrey anangomuyang'ana mkazi wake. Chikondi ankaseweretsa ndolo za azakhali akewo, osadziwa kanthu. Dailesi anaima choncho, dzanja lili pagalimoto, maso ali pa mwana, mpaka dalaivala anaimba hutala kachiwiri. Kenako anachotsa dzanja lija.

Panadutsa masabata atatu. Jeffrey foni ankayankha, koma ankangofunsa za mwana n'kudula. A Lameki anatumiza mawu akuti nkhaniyo idzakambidwa akakolola, nkhoswe ya kuchikazi ikadzakhala yokonzeka kumva. Nyengo ya manachesi inatha, beseni la Dailesi linakhala lopanda kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti kwa Gerishon nakonso anthu anayamba kuchepa. Ponda 3 inali yomweyo, dzina la DAI lili pamwamba, koma kukoma kunali kutapita. A Ponda analibenso owanyoza, ndipo a Gunda anakana kuvula nsapato, ankangokhala pa tebulo la pulu tsiku lonse. Gerishon anayenda masiku angapo nkhope ili yakugwa. Lolemba lina analawirira ku Limbe, n'kubwerako ndi makatoni.

Mawa lake m'mawa anamupeza Dailesi akuchapa, n'kuponya kiyi pa mwala wochapira.

"Ndalankhula ndi mwini shopu ija ya tsidya. Ndaikamo Gunda 3, yatsopano. Uziyang'anira iweyo."

Dailesi anamuyang'ana, thovu likudontha m'manja.

"Achimwene, si inu munkati Gunda ndi ya aulesi?"

"Aulesi nawonso ndi makasitomala. Tsidya lija likakhala zii, kwanga sikudzaza. Anthu azimva ngati mpikisano ukadalipo."

"Ndiye mwandithamangitsira mwamuna kuti mutenge gemu yake?"

"Anapita yekha, sindinamunyamule. Iwe uli ndi mwana woti udyetse, manachesi atha. Ukana, udya chiyani?"

Dailesi anafuna kuiponya kiyiyo m'ngalande. Anafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve. Koma m'nyumba ufa unali utatsala wa masiku awiri, ndipo kopita kunalibe. Anatsukuluza manja, n'kutola kiyi ija.

M'shopumo munali mukadali fungo la sopo wa Jeffrey. Mpando wake wa miyendo itatu unali pakona pomwe ankausiya. Dailesi anasiya Chikondi pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo, anasesa, n'kuyatsa makina monga anamuonetsera Gerishon. Posakhalitsa akabaza awiri analowa akusisita manja ndi chimwemwe.

"Gunda yabwerera! Alamu, ndiye kuti bwana abwera?"

Dailesi anawapatsa timitengo. Nyimbo inayamba, ng'oma zinalira.

Pakhonde paja Chikondi anataya zitsekerero zake. Analowa akuthamanga, manja ali m'mwamba, nkhope yonse ikuwala.

"Ababa! Ababa!"

Anayang'ana pampando wa pakona. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, kenako pansi pa tebulo la sikirini. Akabaza aja anasiya kumenya, timipira tikungodutsa pasikirini popanda wotigunda. Mwanayo anabwera kudzakoka chitenje cha mayi ake.

"Amama, ababa abisala kuti?"

Dailesi anamunyamula, n'kubisa nkhope yake m'khosi mwa mwanayo kuti anthu asaone misozi. Kenako anatembenukira makasitomala ake.

"Pitirizani kumenya," anatero. "Nthawi yanu ikutha."